Kutulutsa DNA mu Anyezi Kusukulu za M'chigwa cha Shire: Njira Yake ndi Zomwe Zimalakwika

Aphunzitsi ambiri a Biology ku Chikwawa ndi ku Nsanje amaphunzitsa za DNA ndi choko basi: mizere iwiri yopotana pa bolodi, zilembo A, T, G ndi C, kenako ana aloweze. Chonsecho DNA, ulusi wa m'selo wosunga malangizo a chibadwa cha chamoyo, ndi chinthu chogwirika. Mukakhala ndi anyezi wa pamsika, mchere, sopo ndi spiriti, mwana wa sekondale akhoza kuikola ndi kamtengo n'kuiona ndi maso ake mapiriyodi awiri asanathe. Njirayi ndi yodziwika kwambiri, koma malangizo ake ambiri analembedwera malo ozizira, kumene madzi ndi abwino ndipo firiji ili pafupi. Kuno kuchigwa zinthu ziwiri ndi zomwe zimaononga ntchitoyi: kutentha ndi madzi a pamjigo.

Dziwani kaye chomwe mukulimbana nacho

DNA ili mu nucleus, nucleus ili m'selo, ndipo selo ya chomera ili ndi chipupa cholimba cha cellulose kunja kwa khungu lake lamafuta. Choncho muyenera kuswa chipupacho, kusungunula khungu, kumasula DNA ku mapuloteni otchedwa histone omwe yakulungidwapo, kenako kuichititsa kuti ileke kusungunuka m'madzi. Pamene mukuchita zonsezi pali mdani amene akugwira ntchito yake nthawi yomweyo. Selo iliyonse ili ndi ma enzyme (mapuloteni ogwira ntchito zosiyanasiyana m'selo) otchedwa DNase, omwe amadula DNA. Selo ikakhala yamoyo ma enzyme amenewa amasungidwa patali ndi DNA, koma mukangoiphwanya zonse zimasakanikirana. DNase imathamanga pa kutentha kwa thupi la munthu, madigiri 37 kapena pafupi pamenepo, ndipo imafuna magnesium kuti idule. Ganizirani kalasi la malata ku Ngabu kapena ku Nchalo masana a mu Okutobala: kutentha kwake ndi komweko kumene DNase imakonda. N'chifukwa chake phunziroli liikeni m'mawa, piriyodi yoyamba, ndipo musamazengereze pakati pa magawo ake.

Pa ntchitoyi anthu ambiri amakonda nthochi chifukwa imafewa msanga ndipo imatulutsa chibuluma chachikulu choyera. Vuto lake n'lakuti gawo lalikulu la chibulumacho ndi pectin, guluu womata zipupa za maselo a zomera, osati DNA. Anyezi ndiye woyenera. Alibe sitachi yambiri, pectin wake ndi wochepa, ndipo selo yake ili ndi DNA yochuluka zodabwitsa: zilembo pafupifupi 16 biliyoni, kuposa kasanu za munthu zomwe ndi pafupifupi 3 biliyoni.

Zofunika pa gulu limodzi la ana asanu kapena asanu ndi mmodzi

Anyezi mmodzi wamkulu kuposa dzira la nkhuku. Mchere wa patebulo 3 g, womwe ndi theka la supuni ya tiyi. Sopo wamadzi wotsukira mbale 10 ml, masupuni awiri a tiyi. Madzi 90 ml. Spiriti 20 ml pa chubu chilichonse. Botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, ngati lomwe munali jamu. Beseni laling'ono, sefa ya tiyi, kansalu koyera, mpeni, kamtondo ka m'labu kapena pepala la pulasitiki lochindikala, machubu oyesera kapena timatambula tagalasi toonekera, ndi kamtengo kosalala. Jekeseni wopanda singano ndi muyeso wabwino kwambiri wa mamililita ngati sukulu ilibe silinda yoyezera.

Pa madzi pamafunika kusamala. Mijigo yambiri ya m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, ndipo mcherewo si wa patebulo wokha: muli calcium ndi magnesium. Magnesium ndiye chakudya cha DNase, ndipo zonse ziwirizi zimagwirana ndi sopo n'kumufooketsa. M'malabu akuluakulu amathira mankhwala otchedwa EDTA kuti amange magnesium ameneyu. Inu mulibe EDTA, ndiye pewani kumulowetsa. Gwiritsani ntchito madzi a mvula otungidwa m'chiwiya choyera, kapena madzi osungunulidwa omwe amagulitsidwa othira m'batire ya galimoto. Werengani botolo bwinobwino kuti musagule asidi wa batire. Kuwiritsa madzi a pamjigo sikuchotsa mchere wonse.

Spiriti akhale wamphamvu, 90 peresenti kupita m'mwamba. Spiriti wofiirira wa m'sitolo amagwira ntchito, kungoti mtundu wake umabisa pang'ono ulusi; wa isopropyl wa ku famase, woonekera ngati madzi, ndiye wabwino. Kachasu musayese n'komwe: mphamvu yake siidziwika ndipo kawirikawiri muli madzi ambiri. Sanitaiza wokhuthala nayenso sathandiza. Sopo wa mtanda ndi wa ufa asiyeni, chifukwa amachita thovu ndi matope zomwe zimatseka sefa.

Dzulo lake

Ikani botolo la spiriti, lotseka bwino, mufiriza usiku wonse. Ngati sukulu ilibe, pemphani wa golosale amene amagulitsa zoziziritsa kukhosi. Spiriti sadzaundana, chifukwa ethanol amaundana pa madigiri 114 pansi pa ziro. M'mawa mutengereni mu kula bokosi pamodzi ndi ayisi. Magetsi akazima usiku, phwanyani ayisi, muthiremo mchere wodzaza dzanja, n'kuimika botololo mmenemo kwa mphindi 30. Ayisi wothira mchere amazizira kupyola pa ziro.

Tsiku la phunziro

1. Sungunulani mchere m'madzi a 90 ml, kenako thirani sopo. Takasani pang'onopang'ono. Thovu likachuluka limanyamula madzi omwe mukuwafuna n'kuvutitsa posefa.

2. Sendani anyezi, mumudule tizidutswa tating'ono ngati njere za chimanga, n'kuthira m'botolo muja muli madzi a sopo. Tizidutswa tonse timire.

3. Imikani botololo m'beseni la madzi a madigiri 60 kwa mphindi 15. Apa ndi pamene ntchito yambiri imachitikira. Sopo amalowa m'khungu la selo ndi la nucleus n'kusungunula mafuta ake, monga amachitira ndi mafuta a pambale. Kutentha kumafewetsa zipupa, komanso kumalemaza DNase yambiri, chifukwa puloteni ikatenthedwa imataya maonekedwe ake. Ngati mulibe thermometer, chitani masamu awa ndi ana omwe: chigwa chino chili m'munsi kwambiri, ndiye madzi amawira pafupi ndi madigiri 100, pomwe madzi a mu ndowa amakhala pafupi ndi 30. Makapu atatu a madzi owira ndi makapu anayi a mu ndowa amapereka madigiri 60. Popeza beseni ndi botolo zimaba kutentha, kusakaniza theka ndi theka kumapereka 65 yemwe amatsika yekha. Vindikirani beseni ndi nsalu. Musaike botolo pa mbaula. Kutentha kukafika madigiri 80 kupita m'tsogolo zingwe ziwiri za DNA zimayamba kulekana, ndipo mukapitirira mphindi 15 DNA imayamba kuduka.

4. Chotsani botolo n'kuliika m'madzi a ayisi kwa mphindi 5, mukulizunguza pang'ono. Musadumphe gawo ili poganiza kuti liziziratu lokha. Likamazizira lokha limadutsa pang'onopang'ono pa madigiri 40 ndi 35, pomwe DNase yotsala imadzuka n'kuyamba kudula, ndipo m'kalasi lotentha likhoza kukhazikika pamenepo mpaka belu kulira.

5. Sinjani kwa kanthawi kochepa. Mu kamtondo, theka la mphindi ndi lokwanira. Ngati mukugwiritsa ntchito pulasitiki, thirani zonse mmenemo, mangani, n'kukanikiza ndi botolo kwa mphindi imodzi. Pa blenda ndi masekondi asanu basi. Ana amafuna kusinja mpaka phala, ndipo apa ndi pomwe magulu ambiri amalephera. DNA ndi ulusi wautali zedi koma woonda mopitirira muyeso, ma nanometre awiri okha m'lifupi (nanometre, kapena nm, ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita). M'selo imodzi ya munthu muli pafupifupi mamita awiri a ulusi umenewu. Ulusi wotere ukakokedwa mwamphamvu umaduka, ndipo tizidutswa tatifupi sitikoleka pa kamtengo.

6. Sefani pa kansalu koyalidwa mu sefa ya tiyi. Lolani madzi adonthe okha. Mukafinya mwamphamvu zinyenyeswa zimadutsa n'kudetsa madzi. Madzi oyenera amakhala otuwa pang'ono ndiponso oterera mukawagwira.

7. Thirani 10 ml ya madzi osefedwawo mu chubu. Onjezani madontho awiri kapena atatu a madzi a chinanazi chofinyidwa pompo, kapena dontho limodzi la utomoni wa papaya wosapsa. Mu chinanazi muli bromelain, mu papaya muli papain. Onsewa ndi ma enzyme odula mapuloteni, ndipo amamasula DNA ku ma histone. Juwisi wa m'bokosi alibe ntchito chifukwa anatenthedwa pofakitale ndipo enzyme yake inafa. Utomoni wa papaya umayabwa, ndiye mphunzitsi ndi amene authire, ndipo usafike m'maso. Dikirani mphindi ziwiri.

8. Zimitsani moto wonse m'chipindamo musanatsegule spiriti. Pendeketsani chubu, n'kutsitsira spiriti wozizira m'mbali mwake pang'onopang'ono mpaka 20 ml, kuti akhale pamwamba osasakanikirana ndi madzi a anyezi. Spiriti ndi wopepuka kuposa madzi amchere, ndiye amayandama mukapanda kumukhuthula. Imikani chubu, osachigwedeza, kwa mphindi zitatu mpaka zisanu.

Pamalire a madzi awiriwa pamayamba kuoneka tinthovu tating'ono, kenako kautsi koyera kokwera m'mwamba, komwe kamasanduka ulusi wonga mamina. Chikuchitika ndi ichi. Msana wa DNA uli ndi phosphate wokhala ndi chaji ya negative, ndipo madzi amazungulira chaji imeneyi n'kusunga DNA yosungunuka. Sodium wa mu mchere uja ali ndi chaji ya positive, koma m'madzi sagwirana kwambiri ndi phosphate chifukwa madzi amaima pakati. Mu spiriti chotchinga chimenechi chimachepa: sodium amamatirira pa phosphate, zingwe zimaleka kukankhana, zimaunjikana n'kuonekera. Popanda mchere, spiriti yekha sakwanitsa bwino.

9. Lowetsani kamtengo mpaka pamalire paja, osapyola, n'kukapotoza mbali imodzi pang'onopang'ono monga mmene amapotera ulusi wa thonje. Kokani mofatsa.

Auzeni ana zoona: chomwe chili pa kamtengo si DNA yokhayokha. Muli RNA (m'bale wake wa DNA wa chingwe chimodzi), mapuloteni otsala ndi pectin pang'ono. Komanso sakuona chingwe chimodzi, akuona mamiliyoni a zingwe zopiringizana. Friedrich Miescher, amene anayamba kutulutsa chinthu chimenechi mu 1869 ku Tübingen kuchokera ku mafinya a pa mabandeji, nayenso anapeza chosakanikirana ndi mapuloteni, ndipo anachitcha nuclein.

Zikakanika

Ngati sipaoneka kanthu, yambani kukayikira spiriti: mwina ndi wosungunulidwa ndi madzi, kapena anakhuthulidwa n'kusakanikirana. Onjezani wina pamwamba mofatsa. Ngati paoneka kautsi koma kosakoleka, DNA yaduka. Chifukwa chake ndi kusinja kwambiri, kutenthetsa mopitirira, kapena kuchedwa pakati pa kusefa ndi kuthira spiriti. Madzi osefedwa asakhale pa desiki kudikira gulu lina. Aikeni mu ayisi. Ngati chubu chonse chayera ngati mkaka, zinyenyeswa zinadutsa pa sefa kapena madzi anali a pamjigo. Chibuluma cholimba ngati jeli choyandama pamwamba, makamaka pa nthochi yakupsa kwambiri, ndi pectin.

Zolakwika zimenezi zikhoza kusanduka phunziro. Gulu limodzi lisathire mchere, lina ligwiritse ntchito madzi a pamjigo, lina lisiye madzi osefedwa padzuwa kwa theka la ola. Musawauze chomwe chichitike. Alosere okha, alembe, kenako ayerekeze machubu.

Kuchokera pa kamtengo kupita pa bolodi

Tsopano chojambula cha pa bolodi chili ndi poyambira. Potani zingwe ziwiri za khonje kapena za mlaza kuti ana aone maonekedwe omwe James Watson ndi Francis Crick anafotokoza mu 1953 ku Cambridge, atathandizidwa ndi zithunzi za X-ray za mu labu ya Rosalind Franklin ku London. Msana wa chingwe chilichonse ndi shuga ndi phosphate mosinthana. Pakati, A amagwirana ndi T pa ma hydrogen bond awiri, G ndi C pa atatu, n'chifukwa chake chigawo chodzala G ndi C chimafuna kutentha kwambiri kuti chilekane. Kupota kumodzi kumatenga zilembo pafupifupi 10. Chomwe ana amaiwala kwambiri n'chakuti zingwezi zimayang'ana mosemphana: china chimachokera kunsonga yotchedwa 5' kupita kunsonga yotchedwa 3', chinzake mobwerera.

Kusemphana kumeneku ndi komwe kumafotokoza kuchuluka kwa ma enzyme pokopera DNA. Helicase amatsegula zingwe. Kutsogolo kwake chingwe chimapotana kwambiri, monga zimachitikira mukamamasula chingwe cha khonje chomangidwa kunsonga, ndipo topoisomerase amadula, kumasula n'kulumikizanso. DNA polymerase, yomwe Arthur Kornberg anaipeza mu 1956 mu bakiteriya wa E. coli, ili ndi malire awiri: singayambe chingwe payokha, ndipo imangoonjezera zilembo kunsonga ya 3'. Choncho primase amayala kaye kachidutswa ka RNA koyambira. Pa chingwe chimodzi polymerase imangotsatira helicase osaima. Pa chinzake imayenda mobwerera, ndiye imapanga tizidutswa totchedwa Okazaki, dzina la Reiji ndi Tsuneko Okazaki omwe anatipeza m'zaka za m'ma 1960; kenako RNA ija imachotsedwa, mpata umadzazidwa, ligase n'kumata. Selo iliyonse yatsopano imalandira chingwe chimodzi chakale ndi chimodzi chatsopano, monga Matthew Meselson ndi Franklin Stahl anatsimikizira mu 1958.

PCR, njira yochulukitsira kachigawo ka DNA yomwe Kary Mullis anaitulukira mu 1983, ndi kukopera komweku koma mu kachubu. M'malo mwa helicase amagwiritsa ntchito kutentha: madigiri 94 kapena 95 amalekanitsa zingwe, chinthu chomwe inu munachipewa pa gawo lachitatu lija. Amatsitsa kufika pakati pa 50 ndi 65 kuti ma primer awiri, tizidutswa toyambira topangidwa m'labu, amamatire pamalo ofunikawo, kenako 72 kuti polymerase ikopere. Polymerase yake ndi Taq, yochokera ku bakiteriya wa Thermus aquaticus wa m'akasupe otentha a ku Yellowstone, ndipo saafa ndi kutenthako. Ulendo uliwonse wa magawo atatuwa umawirikiza DNA kawiri. Maulendo 30 amapereka makope pafupifupi 1 biliyoni kuchokera ku limodzi.

Njira ya Frederick Sanger ya mu 1977 yowerengera zilembo mukhoza kuionetsa ndi mapepala. Mu chubu muli zilembo wamba ndi zochepa zolumala, zotchedwa dideoxy, zopanda dzanja la 3' lolandirira chilembo chotsatira. Polymerase ikaika cholumala, chingwe chimathera pomwepo. Tengani chingwe chatsopano cha ATGCCT. Dulani mapepala asanu ndi limodzi: A, AT, ATG, ATGC, ATGCC ndi ATGCCT. Pindani pepala lililonse kuti chilembo chomaliza chokha chioneke koma kutalika kudziwike, sakanizani, ana asanje kuyambira lalifupi mpaka lalitali n'kuwerenga zilembo zomaliza. Makina amachita zomwezo: amasanja zidutswa mu kapaipi koonda ndi mphamvu ya magetsi, ndipo chilembo cholumala chilichonse chili ndi mtundu wake wowala. Amawerenga zilembo 700 mpaka 900 pa ulendo umodzi. Makina a Illumina amawerenga tizidutswa tatifupi, kawirikawiri zilembo 150, koma mamiliyoni nthawi imodzi. MinION ya Oxford Nanopore, yokwana m'dzanja, imakoka chingwe pa kabowo ka puloteni n'kuzindikira zilembo poona mmene magetsi akusinthira. Inagwiritsidwa ntchito pa mliri wa Ebola ku Guinea mu 2015.

Mwana akafunsa kuti zimenezi zikutikhudza bwanji kuno, yankho lili pa malungo. Malawi inasiya chloroquine mu 1993 chifukwa tizilombo ta Plasmodium falciparum tinali titaleka kumva mankhwalawo. Kusamva kumeneku kumadalira kwambiri jini yotchedwa pfcrt, pomwe pa malo a nambala 76 zilembo AAA zimasintha kukhala ACA, ndipo mu puloteni yake njerwa yotchedwa lysine imalowedwa m'malo ndi ina yotchedwa threonine. Chilembo chimodzi. Ofufuza anachitsata ndi PCR m'magazi a odwala ku Blantyre, ndipo anaona kuti mankhwalawo atachotsedwa, tizilombo tosinthikato tinachepa chaka ndi chaka mpaka kusowa m'ma sampulo. Magazi a kafukufuku wotere nthawi zambiri amatengedwa ngati madontho pa pepala losefera, kuumitsidwa pamthunzi, n'kusungidwa m'kapulasitiki kokhala ndi silica gel. Kuumitsako ndi nkhondo yomwe ija yolimbana ndi DNase, yomwe singagwire ntchito popanda madzi.

DNA ya anyezi wanu singalowe m'makina amenewa mmene ililimu, chifukwa sopo, pectin ndi mchere wotsala zimalepheretsa polymerase. M'labu amaitsuka ndi mankhwala monga CTAB kapena pa kasefa ka silica, n'kuyeza kuyera kwake ndi kuwala: chiwerengero cha kuwala komwe imameza pa 260 nm kugawa ndi cha pa 280 nm chikhale pafupi ndi 1.8. Koma kuisunga kuti makalasi ena adzaione n'kotheka. Tsitsirani ulusiwo m'kabotolo kakang'ono koyera kokhala ndi spiriti wosakaniza magawo asanu ndi awiri ndi madzi oyera magawo atatu, tsekani kwambiri kuti asauluke, lembani tsiku ndi mawu oti ndi poizoni, n'kukaika mu kabati yokhoma kutali ndi dzuwa. Zotsala za m'machubu zisungunuleni ndi madzi ambiri musanazitaye, ndipo ana asambe m'manja asanatuluke.